Kagetsi Kofiira ka Mabuleki

Pikiapu ya pa esiteti ina ya fodya ku Simlemba inali ndi batire lotoperatu. Lisatope bwanji, poti matenanti onse ankatchajira mafoni pomwepo? M'mawa uliwonse Amosi, dalaivala wake, ankailiza pokoka moto ku batire la sola la a manijala, ndipo ikalira, timagetsi ta pa dashibodi tinkayaka tonse ngati ndi Khirisimasi. Geoffrey, makaniko wa ku Boma, anali atamuuza kale: "Musamade nkhawa, achimwene. Galimoto za masiku ano batire likafooka zimabwebweta."

Ndiye kagetsi kofiira ka mabuleki katayamba kukakamira, osazima ngakhale ali paulendo, Amosi anangoti ndi kubwebweta komweko. Masabata atatu, anthuni, munthu akungokayang'ana!

Lachiwiri lina m'mawa, fodya ali m'zigafa, mkazi wake Consolata, yemwe anali woyembekezera, matenda anamuyamba masiku asanakwane. Amayi a m'nyumba za matenanti atamuona anapukusa mitu, nati mwana wagona mopingasa, athamange naye kuchipatala. Anamugoneka pampando wakumbuyo. Amosi analiza galimoto, naponda buleki kuti alowetse giya. Phazi linangopitirira mpaka pansi. Anapopa, anapopanso, koma ayi ndithu.

Anaimbira Geoffrey, namuuza kuti timagetsi sitikuzima.

"Chotsani chingwe cha batire, muwerenge mpaka handiredi, mubwezeretse," anatero Geoffrey. "Tizima tonse."

Anachita zomwezo, nailizanso. Tachikasu tinazimadi. Kofiira kanangoti phee, kumuyang'ana.

"Kofiira katsala? Aaa, ndiye si batire ayi. Tatsegulani kabotolo ka mafuta a mabuleki."

Amosi anatsegula boneti, napisa chala m'kabotolomo. Munali gwa. Anakwawira kunsi, nayang'ana mateyala onse anayi, osapeza podontha ngakhale pamodzi. Mafutawo sanatayike, anachita kutapidwa.

"Ndani wandichita chipongwe chotere?" anakuwa Amosi. Amayi aja anazyolika onse.

"Bambo a Shalom," anaitana Consolata chapansipansi m'galimoto muja. "Ndine. Ndimatapa ndi kasupuni."

"Inu? Kutani nawo?"

"Chipere cha Shalom. Si inu nomwe munandionetsa kuti kadontho kamodzi kamaumitsa? Amake Favour ataona chikuuma anapemphako, kenaka nyumba zonsezi. Ana ndi ambiri, bambo."

Amosi anafuna kukalipa, koma akalipire yani? Anali iye mwini, tsiku lina akudzitama, amene anatsegula kabotoloko, naviika nthenga ya nkhuku, n'kupaka pamutu pa mwana wake wamkazi. Analinso iye amene anaona kagetsi kakunena zoona masabata atatu, n'kumakanamizira batire. Mtima unamuwawa, ndipo anadzida yekha.

Anasungunula sopo waufa m'madzi nathira m'kabotolomo, monga amachitira madalaivala akale zikathina. Zinakanika, mpweya unali utalowa kale m'mapaipi. Handibuleki inaduka kalekale. Msewu wake nawonso ndi wotsetsereka mpaka pa kamlatho ka matabwa, kopanda zotchinga m'mbali. Kupita choncho kukanakhala kupha onse atatu. Mafuta enieni anali kutali, kufupi ndi chipatala komweko, ndipo panjinga yamoto Consolata sakanatha kukhala.

Anakabwereka ngolo ya a Mphepo, mlimi wa mudzi woyandikana nawo. Ng'ombe nazo zidziwa chiyani za changu? Amosi anayenda pambali, akuzikwapula, akuzipepesa, akupemphera. Ulendo wa theka la ola unatenga maola atatu. Atawoloka kamlatho kaja, Consolata analeka kubuula, n'kumangoyang'ana kumwamba.

Anamwino anayesetsa. Mayi anapulumuka, koma mwana, wamwamuna, sanalire.

Patapita masiku awiri Amosi anabwerera yekha kudzatenga zovala za mkazi wake. Pikiapu inali pomwe paja, boneti ili yasa, matenanti awiri atalumikiza kale mafoni ku batire. Anangowadutsa. Analibe mphamvu.

Shalom atamuona anathamanga, nawerama kumuonetsa pamutu.

"Ababa, taonani, chapola! Amama anati chikapola ndidzaloledwa kunyamula mwana. Mwamusiya kuti?"

Amosi anagwada, nasisita pamene panali chipere paja. Panali posalala bwinobwino, tsitsi litayamba kale kumera.