Sikweya ya Bambo

Bambo anga ndi kalipentala, ndipo kwa iwo chinthu cholongosoka ndi chokhacho chogwirizana ndi sikweya, chipangizo chawo choyezera ngodya ya madigiri 90. Chitseko, tebulo, bokosi la maliro, ngakhale mwana amene.

Chaka changa chomaliza ku sekondale ndinapanga roketi ya mpikisano wa masukulu. Inali yotalika ngati mkono wanga: thupi la katoni, mutu wosongoka, ndi zipsepse zitatu za thabwa lopyapyala kumunsi. Wopambana ankapatsidwa malo ku koleji ya zaumisiri, ndipo ine ndinalibe njira ina yokafikira kumeneko.

Zipsepsezo ndizo zimawongola roketi ikamauluka. Zikakhala zitatu zimagawana thupi mofanana, madigiri 120 kuchoka pa china kufika pa chinzake. Ndinakulunga pepala pathupilo, n'kulipinda patatu, n'kulemba mizere motsamiritsa pa felemu ya chitseko kuti pensulo isakhote. Ndinkamata chimodzi patsiku, n'kuchigwira mpaka zala kuchita dzanzi. Nditamaliza ndinaisiya mushedi ya bambo masiku awiri kuti iume bwino.

M'mawa wa tsiku la mpikisano ndinaipeza itakutidwa m'nyuzipepala.

"Ndakukonzera, mwanawe," anatero bambo akupukuta m'manja. "Timapiko tako tija tinali tokhota tonse. Nditaika sikweya, palibe n'kamodzi komwe kanagwirizana nayo. Kodi aphunzitsi akowo amakuphunzitsani chiyani?"

Ndinavundukula. Anali atamatula zipsepse zija, ziwiri n'kuziika pamzere umodzi, china uku china uko, chachitatu pakati pake, mbali inayo n'kutsala yopanda kanthu. Anamata ndi guluu wawo wa mipando uja, ntchito yaukhondo zedi, yopanda n'kadontho komwe. Ndinapsa mtima. Nthawi yoti n'kumatula inali itatha kale, basi inali pafupi kunyamuka.

Kubwalo, maroketi a anzanga ankakwera molunjika mpaka kusowa m'maso. Yanga inanyamuka, n'kupendekeka, n'kuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, n'kukagwa pafupi ndi tebulo la oweruza. Anthu anafa nako kuseka. Woweruza wina, mayi wa magalasi, anaitola n'kuitembenuza.

"Anamata zipsepsezi ndani?"

Bambo anali ataima kumbuyo kwanga, atavala jekete lawo la kuukwati. Ndinadikira. Ndinangowamva akutsokomola, ndipo kutsokomola kumeneko mpaka lero sindinawakhululukire.

"Ndine," ndinayankha.

"Ndiye kuti kugawa chinthu patatu simudziwa," anatero mayiyo, n'kulemba papepala lake osandiyang'ananso.

Tinabwerera pa basi. Roketi yophwanyika mutuyo inali pamiyendo pa bambo. Anagwira chipsepse chimodzi n'kuchigwedeza, kenaka china, kenaka chachitatu. Atatero anandigunda ndi chigongono, nkhope ili mwee.

"Koma waona? Kugwa konse kuja, palibe n'chimodzi chomwe chamatuka."