Saidi Ananena Katatu

Saidi anatha zaka zitatu pa yunivesite ina ku Sheffield akuphunzitsa timaboti titatu kulankhulana. Timabotito tinalibe woyendetsa. Tinkamvetsera phokoso la kachipangizo koyenda pansi pa madzi, n'kumauzana komwe kali mpaka kukazinga. A Pulofesa Terence anamulonjeza kuti akapambana mpikisano wa mayunivesite adzamuwonjezera nthawi pa ntchito yake. Popanda ntchitoyo, viza yake inkathera pomwepo.

Mpikisanowo unali pa damu, kumapiri kunja kwa mzinda. Kutatsala tsiku limodzi, a Pulofesa analowetsa okha mu kompyuta liwiro la phokoso m'madzi, koma nambala yake inali ya m'nyanja yamchere. M'damu mulibe mchere. Saidi ataona, anadziwa kuti nambalayo ndi yolakwika.

Koma wamkulu sumuuza pagulu kuti walakwa. Saidi anachita kuleredwa, sanangokula.

"Bwana, mwina nambala ija tikanaionanso, ngati mpata ulipo," anatero maso ali pansi.

"Mpata palibe," anayankha a Pulofesa, sangweji ili m'kamwa.

Saidi ananenanso masana. Ananenanso m'mawa mwake. Kwathu wamng'ono akanena "mwina" katatu kwa wamkulu ndiye kuti wakuwa, nyumba ikupsa. Koma bambo aja anangoona mnyamata waulemu wake.

Timaboti tinamvana bwino zedi, ndipo n'zomwe zinapweteka. Tonse titatu tinagwirizana bodza limodzi, tinazinga madzi opanda kanthu, kachipangizo kakudzidutsira pambali. Chikho chinapita ku yunivesite ya Bradford.

Lolemba a Pulofesa anamuitanira mu ofesi.

"Ndiye unkadziwa? Bwanji sunanene?"

"Ndinanena, bwana. Katatu."

"Unati mwina. Akanakhala Laura akanandilanda kompyutayo."

Laura anali wophunzira wa chaka chatha chomwechi, wowadula mawu a Pulofesa pakamwa, wowatchula dzina ngati anasewera nawo fumbi. Ntchito ija anapatsidwa iyeyo. A Pulofesa anati akufuna munthu wotha kuwatsutsa.

Saidi anapsa mtima. Nambala analakwitsa ndani? Anaganiza za ana ake awiri okulira konkuno, amene ukawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Mawu onse anafika pakhosi, ndipo mwayi wotsutsa unali womwewo, wotsiriza. Anaimirira.

"Zikomo kwambiri, bwana," anatero.

Potuluka anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisawasokoneze.