Magetsi Obwereka

Makina osokera anabwera pa lole ya khonsolo atakutidwa ndi mapepala apulasitiki, ndipo tinawavinira ngati akwatibwi. Chimene tinaiwala kufunsa n'chakuti amayendera chiyani. Titavundukula tinapeza onse ali ndi michira ya nthambo, pomwe nyumba imene khonsolo inamangira gulu lathu la amayi kuseri kwa msika inalibe ngakhale babu limodzi.

A Khansala anati tisade nkhawa, ndalama za boma zimabwera pang'onopang'ono: chaka chino makina, chaka chamawa magetsi. Anawonjezera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kenako anakwera galimoto.

Amene zinawapweteka kwambiri ndi Mayi Zipi, wapampando wathu. Dzinalo anawapatsa anthu chifukwa panalibe zipi yowakanika, kaya ya thalauzi kaya ya chikwama. Ankasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo ndi makina akale opalasa ndi phazi, ndipo ana awo onse anakulira makina amenewo. Koma lamulo la khonsolo linkati gulu lionetse kudzipereka lisanalandire kanthu. Ena tinatuta mchenga, ena njerwa. Iwo, poti ndi mtsogoleri, anagulitsa makina awo n'kugula zitseko ndi mawindo. Pakhonde paja m'mawa mwake panali patakhala kale telala wina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma mwambi umabwera zinthu zitatayika kale.

Ndiye tsiku lililonse tinkatsegula nyumbayo n'kupukuta fumbi pa makina osalira. Kutseka sitikanatseka, chifukwa gulu lopezeka lotseka ankalifufuta, katundu n'kupatsa ena. Enafe tinkazembako, wina ku geni yake ya sopo, wina kochapira anthu. Mayi Zipi analibe kozembera. Ankakhala pawindo n'kumasoka mabatani ndi singano yapamanja mpaka maso kuchita chidima. Amuna awo, mlonda wa pasukulu, ankawafunsa akafika kunyumba kuti lero ku fakitale kwatuluka masuti angati. Poyamba mayiwo ankaseka nawo.

Chaka chitazungulira, a Khansala anabwera ndi uthenga wakuti akuluakulu a zachitukuko akuyendera magulu onse asanagawe ndalama zatsopano. Anatsitsa mawu n'kutiuza kuti anthu amenewa sathirira mtengo wouma. Gulu looneka logona silipatsidwa kanthu, choncho tionetse kuti tili moyo.

Apa ndi pamene nzeru zinatichulukira. Wometa wa kuseri kwa nyumba yathu ndi mwana wa mchimwene wawo wa Mayi Zipi, ndipo ali ndi jenereta imene imalira tsiku lonse, palibe amaidabwa. Tinakwirira nthambo m'dothi kuchokera kwa iye mpaka pansi pa chitseko chakumbuyo. Babu tinabwereka. Aliyense anabweretsa zovala zabwino za kunyumba n'kuzikoleka ngati zangotsika pa makina. Ine ndinakolekapo diresi limene ndinavala pa ukwati wa mng'ono wanga. Mayi Zipi anayesa kunena kuti bwanji tingowauza zoona, koma tinawafunsa ngati akufuna kufera pa mabatani.

Tsikulo litafika, alendo atalowa, Mayi Zipi anaponda makina atsopano koyamba. Nsalu inathamanga yokha m'manja mwawo. Ndinawaona akumwetulira ngati mtsikana, ndipo zinandimvetsa chisoni, chifukwa alendo aja anali atayiwalika, mayiwo ankangomva kukoma kwa ntchito yawo.

Mkulu wa alendowo, mayi wa magalasi, anayang'ana babu n'kufunsa, “Magetsiwa munalumikiza nokha?”

“Amayi awa ndi olimbikira kwambiri,” anayankha a Khansala mofulumira.

“Pali chimene mukusowa, amayi?”

Mayi Zipi anatsegula pakamwa. Babu linali likuwala pamutu pawo, makina akulira mbali zonse, ife tonse tikuwayang'ana. Anati, “Ayi, tikuthokoza.”

Khonsolo itakhala pansi kugawa, ndalama za magetsi athu zinapita kwa gulu loweta nkhuku, limene alendo analipeza denga litagwa, amayi ake akulira poyera. Ife anatipatsa chikwangwani chachikulu chonena kuti ndife gulu lachitsanzo.

Mayi Zipi anapita ku ofesi, nakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka a Khansala atatuluka.

“Nanga magetsi aja, bambo?”

“Magetsi muli nawo, amayi. Akuluakulu anawaona ndi maso awo.”

Anawafotokozera mwaulemu kuti kukanena tsopano kuti anali obwereka n'kuvomera kuti tinanamiza boma. Makina angalandidwe, gulu lingafufutidwe, ndipo woyamba kuitanidwa angakhale wapampando. Za amene anatiuza kuti tionetse moyo sanazikumbukire.

Chikhalireni gulu lachitsanzo, khonsolo imatibweretsera magulu a kutali kudzaphunzira. Uthenga ukafika, Mayi Zipi amapita kwa wometa. Iye amadandaula kuti azakhali, jenereta yanga mundiphera, komabe amalumikiza, ndipo amazula nthamboyo galimoto ya alendo ikangolira.

Ndiye mayiwo anaphunzira kusunga ntchito. Mazipi ndi madiresi a makasitomala ochepa amene anawatsalira amawaunjika m'katoni pansi pa tebulo kudikira alendo. Alendo akalowa, ife timalankhula, iwo amaponda makina osadzutsa mutu.

Sabata yatha alendo ananyamuka msanga, yunifolomu ya mwana wa sukulu ili pakati, kolala isanalowe. Mayi Zipi, amene kale sankapempha munthu kanthu, anaimirira n'kugwira mlendo wina dzanja.

“Khalani pang'ono, alendo,” anatero. “Funsaninso mafunso ena.”