Yankho la Mujtaba

Ndinali padenga ndikudula therere loyanika pamene foni ija inalira. Sindikunena foni ya ana yoonerapo makanema. Ndikunena yanga yamabatani, imene nambala yake ndinaisiya ku ofesi ya othawa kwawo chaka chomwe tinafika mu Cairo. Zaka zisanu ndi zitatu sinazimepo. Ndimalowa nayo kubafa, ndimakolopa nayo m'nyumba za eni ake ku Maadi, dera la olemera, ili pachifuwa. Manja anali oterera, ndiye ndinaidina ndi kachala kakang'ono.

Mawu a mzimayi anatchula dzina langa lonse, Batoul Hamad Kafi, ndi nambala ya fayilo yathu. Anati dziko lina lavomera kuona nkhani yathu yoti tisamukireko. Tibwere Lachiwiri m'mawa, tonse atatu, ndi makadi athu. Aliyense adzafunsidwa payekha. Ndinati chabwino. Ndinanenanso chabwino foni itaduka kale. Linali Lamlungu.

Ndinavindikira therere ndi nsalu kuopa nkhunda za mwini nyumba, n'kutsika.

Ana ndinawapeza pabedi, mitu pamodzi, maso pafoni. Chilumbirireni mtsogoleri watsopano kwathu ku Sudan Lachitatu lapitalo, munthu wa jekete osati wa yunifomu, mbale m'nyumba mwanga zinali zitasiya kutsukidwa. Mujtaba, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anali atayamba kuyankhula akukweza chala ngati iyeyo. Mlongo wake Tibyan, wocheperapo ndi zaka ziwiri, anali atajambula mbendera pamkono ndi mabolopeni atatu.

"Zimitsani icho," ndinatero. "Aimba."

"Ndani?" anafunsa Tibyan.

"Amene takhala tikudikira kuti aimbe."

Tibyan anadzuka n'kukhala tsonga. "Dziko liti?"

"Sananene. Lozizira basi. Onse amene anapita amatumiza zithunzi atavala ngati matiresi."

Mujtaba sanadzuke. "Achedwa," anatero. "Akanaimba chaka chatha. Panopa tili ndi dziko lathu."

"Tili ndi chiyani?"

"Dziko, amayi. Nkhondo ya kumapiri kwathu itha. Sukulu zitsegulidwa. Kukufunika achinyamata kumeneko, osati tizikatsuka mbale za azungu."

"Yamba watsuka zanga."

Tibyan anaseka. "Iwe ku Khartoum akakuseka. Umayankhula ngati kondakitala wa konkuno ku Giza. Ukangopereka moni akakulozera ofesi ya alendo."

"Nanga iweyo ukuidziwa Khartoum?"

"Ndinagonako masiku awiri."

"Pa siteshoni, ukusanza."

"Ine ndikadzapita ndidzakwera njinga nditavala buluku, wapolisi n'kumandiimikira magalimoto," anatero Tibyan. "Ndikatero ndidzaika mipope kwathu ku Kadugli konse, amayi asadzasenzenso chigubu. Koma ndiyambe ndaphunzira kozizirako. Mipope sithawa."

"Wamantha iwe."

"Wamantha wokhala ndi satifiketi."

Apa Mujtaba anaika foni pansi n'kundiyang'ana. "Akandifunsa ngati ndikuopa kubwerera, ndidzanena kuti ayi. Sindinama."

Funso limenelo aliyense wa kwathu m'dera lathu lino la Ard el-Lewa amalidziwa. Limabwera kumapeto, munthu utatopa. Fayilo ndi imodzi pa banja. Amakufunsani mmodzimmodzi, kenaka amaika mayankho anu patebulo n'kuona ngati akugwirizana. Akapanda kugwirizana, mumabwerera kunyumba kukadikira, ndipo ndikudziwa anthu amene anafa akudikira.

"Ine ndinavinirako mtsogoleri watsopano ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi," ndinamuuza. "Amalume anandinyamula paphewa. Patatha zaka zinayi kunabwera wina ndi akasinja."

"Ameneyo ndi amene tamuchotsayu."

"Mwamuchotsa ndi ndani? Unali pabedi pomwepa."

Anatuluka osatseka chitseko. Sindinamutsate. Miyendo inkandipweteka, ndipo nyemba zinali zisananyikidwe.

Lolemba nditaweruka kunabwera Sit al-Jeel wa chipinda cha pansi. Mayi ameneyu fayilo yake inakanidwa kawiri, koma anaphunzitsa mabanja asanu ndi limodzi mayankhidwe ndipo onse anapita. Kwathu kuno munthu supita kumafunso asanakuyese iyeyo. Anakhala pampando, anavala magalasi a malemu mwamuna wake, n'kutenga kope la Tibyan kuti azioneka ngati akulemba.

"Amake Mujtaba, nenani za tsikulo. Osalira poyamba. Mukalira poyamba amaganiza kuti mwachita kuphunzitsidwa."

Ndinanena monga ndinanenera chaka choyamba. Mwezi wa chisanu ndi chimodzi, m'mawa, ku Kadugli. Lole inaima pachipata. Anthu amfuti anatenga mwamuna wanga Idris, mphunzitsi, atavala malaya amkati. Sindinamuonenso. Ana ndinali nditawatumiza kwa azakhali awo dzulo lake.

"Iwe mtsikana, unali kuti tsiku limenelo?"

"Kwa azakhali."

"Ukuopa kubwerera?"

"Ndikuopa."

"Usamwetulire ukamanena. Iwe mnyamata?"

Mujtaba anali pakona akumata nsapato yake. "Ine sindisewera nawo, mayi."

"Ona uyu. Ndevu zitatu, wayamba kale ndale." Sit al-Jeel anavula magalasi. "Mwana wanga, mtsogoleri wakoyo ali ndi pasipoti. Zikavuta akwera ndege. Iwe uli ndi kadi yokhala ndi chithunzi cha uli mwana."

Atapita ndinamupeza mnyamatayo atakhala pamasitepe. Ndinakhala pambali pake chifukwa kuimirira sindikanatha.

"Ukufuna chiyani kwenikweni?"

"Kuno kamwana ka zaka zisanu kamanditchula chokoleti, n'kundigenda, ine n'kumamwetulira chifukwa bambo ake ali pakhonde. Kozizirako kukakhala dzina lina. Ndikufuna ndiyende mumsewu umene palibe wondifunsa kuti ndibwerera liti." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Komanso akatsegula ndende n'kuyamba kuwerenga mayina, adzayankha ndani kuti Idris ndi wathu? Inu mudzakhala mukukolopa kutsidya kwa nyanja."

"Bambo ako anamwalira."

"Munawaona?"

Sindinawaone. Ndinamuuza kuti asite malaya oyera, n'kukagona mutu ukuwawa.

Lachiwiri tinakwera maminibasi awiri. Panja pa ofesi anthu anali atafola kale m'mbali mwa khoma, kutsata kamthunzi. Mayina athu anali pa pepala la mlonda, ndiye tinalowa. Anayamba ndi ine. Wofunsa anali mzimayi wamng'ono thupi, wa chimfine, wolemba mofulumira osayang'ana zala. Ndinanena zonse mwa dongosolo lake. Tibyan analowa n'kutuluka msanga, akundipsinyira diso. Kenaka Mujtaba.

Ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma. Tibyan anatha mphindi khumi ndi zisanu. Mujtaba anapitirira ola. Chitseko chitatseguka sanatuluke iye, anatuluka mzimayi uja.

"Mayi Batoul, talowaninso pang'ono."

Mnyamata wanga anali pampando, manja pakati pa mawondo, kapu yamadzi patsogolo pake yosamwedwa.

"Mwanena lero, komanso munanena kale, kuti tsiku limene anatenga amuna anu ana onse anali kwa azakhali awo."

"Ndi momwemo."

"Mwana wanu akuti analipo."

Ndinatembenuka. "Unali kwa azakhali ako."

"Ndinathawako m'mamawa," anatero osandiyang'ana. "Ndinaiwala mpira wanga. Ndinalowera kuseri, kumpanda wothyoka. Lole itafika ndinakwera mumtengo wa nimu."

"Ukunama."

"Munagwira chitseko cha lole. Wina anakumenyani pazala ndi thako la mfuti. Bambo anataya sandasi imodzi, inu munaitola." Anayang'ana kapu ija. "Bambo anandiona ali m'lolemo. Anapukusa mutu kuti ndisatsike."

Za zala sindinauzepo munthu, ngakhale ofesiyo. Za sandasi ngakhale Sit al-Jeel sazidziwa. Ndinakumbukira kuti masana a tsiku lija, nditathamangira kwa mlamu wanga, azakhali awo aja, mwanayo ndinamupeza ali ndi zokala m'mikono, ndipo ndinamukalipira kuti n'chifukwa chiyani akusewera tsiku ngati limenelo. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mzimayi uja anandifunsa ngati ndinkadziwa. Ndinati ayi. Anandifunsa chifukwa chake za zala sizili mufayilo. Ndinati palibe anandifunsa za zala. Analemba nthawi yaitali. Kenaka anati popeza pali zatsopano, fayilo ibwerera kwa ena kuti aionenso. Sinakanidwe. Sinavomerezedwe. Tidikire foni.

"Mpaka liti?"

"Sindingakulonjezeni, mayi."

Tinakwera minibasi n'kudutsa mlatho. Tibyan ndiye anayamba, akuyang'ana pawindo.

"Ndiye unati chiyani pa funso lija?"

"Ndinati sindikuopa."

"Chitsiru."

"Anandifunsa kuti ndikafikira kunyumba iti. Ndinayamba kufotokoza nyumba. Chipata, mpanda, mtengo. Zinazo zinangotuluka."

"Zaka zisanu ndi zitatu uli chete, n'kukasankha lero."

"Palibe anandifunsapo."

"Ukanandiuza ine."

"Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ukukodza pamphasa."

Tibyan anamumenya chigongono m'nthiti, kenaka anasiya mkono wake pomwepo. Mbendera ija inali itasungunuka ndi thukuta, n'kudetsa malaya oyera a mchimwene wake.

Ine ndinali wokwiya. Ndinene zoona. Ndinaganiza za nyengo ina yozizira m'chipinda chija, za Tibyan ndi sukulu yake yopanda mabenchi okwanira, za mawondo angawa. Ndinkafuna kumumenya khofi, ndipo ndinkafunanso kumunyamula ngati kale, koma mwanayo ndi wamtali kuposa chitseko changa. Sindinachite chilichonse. Ndinauza woyendetsa kuti atitsitse pamphambano.

Titafika Sit al-Jeel anali pakhomo pake akudikira. Anaona nkhope zathu n'kulowa m'nyumba osafunsa. Ndinavula nsapato, ndinamwa madzi, n'kukwera padenga. Therere lodula lija linali litauma bwino. Lotsala m'thumba linali litayamba kulimba, lina litada kunsonga. Ndinaitana pansi.

"Mujtaba. Bwera ndi kope ndi cholembera."

Anabwera akukoka mapazi, akuyembekezera kukalipiridwa.

"Khala apo. Mtsogoleri wakoyo amalandira makalata?"

Anandiyang'ana. "Akuti pali ofesi. Ndifufuza."

"Ine sindikukhulupirira kuti awerenga. Ndikuuziretu. Koma lemba. Idris Tia Kunda Marfaeen. Mayina onse anayi, asadzanene kuti a Idris ndi ambiri. Mphunzitsi wa masamu. Dzino lakutsogolo lobenthuka."

Analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo.

"Lole inali yobiriwira," ndinatero.

"Inali yotuwa, amayi. Yobiriwira inali tenti yake."

"Lemba zimene unaona iweyo. Unali pamwamba."

Tibyan anatulukira pamasitepe atanyamula mipeni iwiri. "Aikenso za mipope. Poti akulemba kale."

"Kalata ya bambo iyi."

"Pansi pake. Mzere umodzi."

"Mulembe ziwiri," ndinatero. "Mapepala alipo. Ndipatse mpeni wakuthwawo."

Ndinaona ngati foni ili ndi moto, ndinaibweza pachifuwa, n'kukokera thumba pafupi. Lolimba ndinkaponya kumbali. Mujtaba anafunsa kuti kalata yopita kwa mtsogoleri imayamba bwanji. Ndinati sindinalemberepo mtsogoleri, ayambe ndi moni monga kwa munthu aliyense. Thumba linali lisanafike ndi pakati pomwe, ndipo dzuwa linali litapendeka kale.