Sipika ya ku Chitseko cha Kumanzere

Nikakamba kuti motoka yanga inatsala pang'ono kuchotsa munthu mu kwaya, bantu bamaseka. Sekani, koma ni zoona.

Chaka chamene bananichotsa nchito ku kampani, ninagula ka Corolla kokalamba, n'kuyamba kunyamula bantu pa Mandevu. Vinthu vinali vovuta. Mtengo wa unga unali kukwera sabata iliyonse, wailesi ya m'nyumba tinagulitsa, firiji nayo inatsatira. Choimba chinatsala ni ka wailesi ka mu motoka, kolira na sipika imodzi chabe, ya ku chitseko cha dalaivala. Ya kumanzere inafa kale, ndipo ine sininali kusamala. Nyimbo ni nyimbo, si ikumveka?

Bakazi banga ba Felistus, bamake Towera, baimba mu kwaya kuyambira tisanakwatirane. Chaka chimenecho kwaya inajambulitsa kaseti m'tchalitchi, ndipo vesi imodzi banatsogolera ni beve. Tsiku lamene kaseti inafika banaphika mofulumira, banavala chitenje chabwino, tinakhala mu motoka pansi pa mtengo wa mango monga tili pa ulendo.

Nyimbo inayamba. Mabesi gu gu gu, bazibambo bokhabokha. Vesi ija itafika, mau a bamake Towera anamveka kutali, monga munthu oitana ali ku Kabanana. Ine na pakamwa panga posamanga ninati, "Ah, nanga imwe munali panja?"

Banatuluka, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, ndipo kutseka kumeneko kunaniwawa kupambana kumenyetsa.

Kuchokera apo ku kwaya banaleka. Banati ba Chisala, bamene batsogolera kwaya, banachita dala kukweza bazibambo. "Ngati mau anga ni oipa, sembe bananiuza pamaso," banatero. Kufunsa banzawo banachita manyazi. M'nyumba munakhala zii, ngakhale potsuka mbale. Ine kamba zoona, vinaniwawa maningi. Njala tinali kuipirira, koma nyumba yopanda nyimbo inanikanga.

Tsiku lina ninaima pa maliketi, pa kashopu ka ba Whyson okonza mawailesi. Cholinga chinali chakuti bakweze chabe ka wailesi, mwina mau aja angamvekeko. Ba Whyson banamvera kaseti, banagogoda chitseko cha kumanzere, n'kuniyang'ana monga nabapondera mwana.

"Ba Fackson, m'tchalitchi mwanu bazimai baimirira mbali iti?"

"Kumanzere. Bazibambo kumanja. Ni mwambo."

"Manje ojambula anaika maikolofoni awiri, ina uku ina uku. Imwe mumvera mbali ya bazibambo chabe. Bazimai bonse bali mu chitseko ichi, mwabatsekera."

Mayo ine! Ninagwira kumutu. Ba Chisala kunyozedwa mwezi wathunthu, kansi mfiti ndine.

Sipika yatsopano ku tauni sininayese n'komwe kufunsa, m'thumba munali mphepo. Ba Whyson banafukula pansi pa tebulo sipika yong'ambika ya mu wailesi yakufa, banamata na guluu na kansalu kopyapyala. Inali yaikulu kupambana bowo ya pa chitseko, ndiye banakulitsa bowo na chizulo, ine mtima uli m'mwamba. Ampulifaya banachotsa mu wailesi ina yamene inaleka kuzungulutsa kaseti, banaiika mu chitini cha mabisiketi kuti mawaya asagundane, n'kuimangirira pansi pa mpando na lekeni ya chubu ya tayala. Ine monga malipiro ninabasiyira majombo na ovolosi vanga va ku kampani. Vinali kungonikumbutsa vakale.

Tinayesa koyamba, fyuzi phwa! Kachiwiri, kulira kwa injini kunalowa mu nyimbo. Ba Whyson banatukwana waya, banaisuntha, banakwecha chitsulo pomangira, ndipo kachitatu vinagwira.

Ninafika kunyumba dzuwa likali pamutu. Bamake Towera banali kusankha kapenta pa lichero.

"Tiyeni mu motoka," ninatero.

"Kuti mukaniseke futi?"

"Napapata, bamake Towera. Kamodzi chabe."

Banabwera na lichero lawo, nkhope yomanga, banakhala ku mpando wa kumanzere. Ninaika kaseti. Mabesi anayamba ku mbali yanga monga kale, kenaka bazimai banayankha kuchokera pa bondo pawo penipeni. Banadzidzimuka, kapenta kanatayikira pansi. Vesi ija itafika, mau awo anadzaza motoka yonse, oyera, okwera bwino, mpaka ba neba banasuzumira pa mpanda.

Banaika dzanja pa chitseko, pamene chinali kunjenjemera.

"Ndine uyu?"

"Ndimwe. Munalimo kuyambira kale. Ni ine sininakonze sipika."

Misozi inatsika, koma banali kuseka. Bananimenya na lichero pa phewa, osati mwamasewera kwenikweni. "Imwe bambo imwe! Nakhala nikupita ba Chisala pa njira osabapatsa moni!"

Tinabweza kaseti katatu, na bolopeni, kuti batire isathe. Kachinayi banaichotsa beka, n'kukonza duku pa galasi.

"Lizani motoka, batate ba Towera. Lero ni Chisanu, kwaya yayamba kale."

Motoka inakana kulira, batire tinali titaimaliza. Banatsika, banamanga chitenje, n'kuyamba kukankha bakuimba.