Khoma la pa Nambala 84

Ine ndinayenda. Ndikamatero ena amati ndikudzitama, koma munthu amene anayendetsa lole m'mayiko khumi ndi limodzi azinong'ona chifukwa chiyani? Ndinaona sitima zapamadzi zotalika kuposa msewu wathu wonsewu. Ndinawoloka chipululu ndi tayala limodzi lapadera. Ndinayamba ndi sipanala yobwereka, lero ndili ndi malole atatu ndi sitolo ya matayala, ndipo kuno amangonditcha a Matayala. Koma m'maulendo onsewo sindinaone malo ngati ano, kumene munthu amagula nyumba yokongola kuti aziiona Loweruka ndi Lamlungu basi.

Nyumba zilipo 84, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, mpanda wozungulira, geti limodzi. Ikangokwana 5 koloko m'mawa injini zimayamba kutsokomola. Galimoto zimandandalikana mpaka ku geti, abambo tayi ili paphewa, ana akuwodzera kumbuyo atavala kale yunifomu, onse kuthamangira m'tauni msewu usanadzaze. Pofika 7 koloko kumatsala agalu, antchito, ndi ine ngati sindili pa ulendo. Mnansi wanga ndakhala naye zaka zinayi. Nambala ya galimoto yake ndimaidziwa pamtima, koma tsiku lina titakumana m'sitolo ndinamufunsa mtengo wa sopo.

Nyumba yanga ndi yomaliza. Khoma lakuseri ndinamanga ndekha ndi njerwa zanga, chifukwa omanga malo ano anangosiyapo waya. Kuseri kwa khomalo kuli msewu waukulu, ndipo siteji ya basi ili pomwepo, moti kondakitala akamaitana timamumva tili m'bafa. Koma kuti ukwere basiyo uyenera kutulukira ku geti n'kuzungulira mpanda wonse: mphindi 45 wapansi, chitunda chili pakati.

Akazi anga amachapa ndi kusita nsalu pachipatala m'tauni, chaka chino n'cha 19. Bondo lawo lakumanzere linatupa kalekale. Galimoto sayendetsa, ndinayesa kuwaphunzitsa, mtengo wa mapeyala mpaka lero uli ndi chipsera. Ndikakhala pa ulendo masabata awiri, chitunda chija amakwera okha. Atachedwa kachitatu, akuluakulu a kuntchito anawapatsa kalata yakuti akachedwanso kamodzi asabwerenso.

"Isiyeni ntchitoyo, mayi," ndinatero. "Mkazi wa munthu wa malole atatu azichapa nsalu za odwala?"

"Ntchito imeneyi ndi imene inkatidyetsa inu mukugona kunsi kwa lole ya eni ake," anatero. "Sindiisiya. Ngati mukufuna kuthandiza, thandizani bondoli."

Mawa lake ndinaboola khoma, n'kuwotcherera chitseko chachitsulo ndi manja angawa. Kuchoka pakhonde kufika pa siteji, mapazi makumi anayi. Miyezi isanu inatha akazi anga osachedwa ngakhale tsiku limodzi.

Khomo silibisika. Anayamba antchito a m'nyumba, kenako osamalira maluwa. Ine ndinkangoti dutsani, koma musaponde anyezi. Tsiku lina kunabwera a Nesi a pa nambala 17, amene amuna awo anachoka ndi galimoto yomwe. Anafika akucheukacheuka, pakuti kuno kuoneka ukuyenda wapansi ndi manyazi oposa kuba.

"Musauze anthu, a Matayala," anatero.

"Achemwali, ine pakamwa panga n'pa loko," ndinanama, koma nkhani yawoyo ndinaisungadi.

Ndiye kunabwera kalata ya komiti. Tcheyamani wathu amagwira ntchito ku kampani ya inshulansi, ndipo Loweruka amayenda ndi tepi kuyeza udzu wa anthu. Anaitanitsa msonkhano m'galaja mwake, Loweruka lomwelo, popeza pakati pa sabata kuno kulibe anthu.

"Malo ano tinagula chifukwa cha chitetezo," anayamba a Tcheyamani. "Geti limodzi, mlonda mmodzi, buku limodzi lolembamo olowa. Tsopano a Matayala atsegula boda yawoyawo. Sabata yatha pa nambala 30 panasowa silinda ya gasi."

"Silinda imeneyo inatulukira pa geti lanu lomwelo, m'galimoto ya alamu awo," ndinatero. "Funsani mlonda. Anaikweza ndi iyeyo."

Ena anaseka, a pa nambala 30 anayang'ana pansi.

"Pano si pa siteji ya malole, bambo."

"Zoona, pa siteji ya malole anthu amapatsana moni. Ine maboda enieni ndawoloka oposa makumi awiri, a mfuti ndi agalu, koma palibe imene inazunguliritsa mayi wodwala bondo mphindi 45 basi akuiona ndi maso. Chitseko chili ndi loko. Makiyi ndikupatsani. Ndizitsegula 5 koloko, ndizitseka dzuwa likalowa. Mukufunanso chiyani?"

"Tikalola inu, mawa aliyense aboola pake."

"Aboole kuti? Enanu kuseri kwanu kuli dambo!"

Anati tivote. Ofuna kuti khomo litsekedwe anakweza manja, ndipo ndinawerenga 31. Pakati pa manjawo panali la a Nesi. Analikweza pang'ono, ngati munthu woimitsa basi imene sakufuna kukwera, maso ali pa nsapato. Zimenezo zinandiwawa kuposa mawu onse a Tcheyamani. Otsutsa tinali awiri, ine ndi akazi anga. Antchito, amene ankadutsapo tsiku ndi tsiku, analibe voti. Anali kukhitchini akutiwiritsira tiyi.

Pobwerera akazi anga anayenda motsimphina mpaka titafika pakhonde. Anakhala pansi n'kuyamba kusisita bondo.

"Ndizidzuka 4 koloko," anatero. "Mwina ndizikwanitsa."

"Nanga mvula ikayamba?"

Anangopitiriza kusisita bondo lija.

Lolemba, galimoto zonse zitapita ndipo akazi anga atadutsa pakhomo paja, kunafika mmisiri womanga, bambo wa imvi, akukankha wilibala ya simenti ndi njerwa. Ndi mmene zilili kuno: malamulo amapangidwa Loweruka, koma Lolemba palibe wotsala kuti awayang'anire.

"Andituma a komiti, bwana," anatero. "Ndisakhale ngati ndabwera ndi nkhondo."

"Khalani pansi, achimwene, mumwe tiyi. Kumanga mumadziwa. Nanga kugumula?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana khoma. "Ine milandu sindiifuna."

"Mlandu ndi wanga. Khomali ndi langa, njerwa iliyonse. Akuti lisakhale ndi khomo. Chabwino, ine ndatopa nalo khoma lenilenilo."

Ndinakatenga lole yaikulu ija, ya matayala khumi, n'kuiimika kumsewu. Ndinakulunga tcheni pa mphuthu za chitseko. Mmisiri anakhala pa wilibala yake akupukusa mutu, koma nditangoliza injini anadzuka n'kuthamanga akukupiza manja.

"Imani! Mukakoka choncho mugwetsa ndi la eni ake! Munaphunzira kuti ntchito, inu?"

"M'mayiko khumi ndi limodzi!"

"Ndiye konseko anakunamizani. Bweretsani tchizulo."

Anadula yekha mzere woongoka m'malire mwa khoma langa ndi la mnansi, uku akung'ung'udza kuti iye sanaone kanthu. Kenako ndinaponda mafuta. Khoma linaweramira kumsewu pang'onopang'ono ngati likupereka ulemu, kenako linagwa, phuu! Fumbi linakwera mpaka pa denga. Anthu a pa siteji anakuwa, kondakitala wina anaimba mluzu. Ine ndinatsika m'lole n'kuwaweramira.

Dzuwa likupendeka tinali titasanja njerwa zonse pambali, msewu titasesa. Nyumba yanga inangoti mbee, khonde, chingwe choyanikira zovala, anyezi, zonse poyera.

A Tcheyamani anafika cha m'ma 6, tayi ili m'khosi, makiyi a galimoto ali m'manja. Anaima pamene panali khoma, pakamwa pali yasa.

"Mwachita chiyani?"

"Khomo lija lachoka, a Tcheyamani. Simukuthokoza?"

"Mwatsegula malo onse! Tikutengerani kukhoti!"

"Tiyeni. Koma khoti limagwira ntchito pakati pa sabata, m'mawa. Mukapemphe tchuthi, inu ndi anzanu makumi atatu aja. Ine nthawi ndili nayo, bwana wanga ndine ndemwe."

"Akuba akalowa, mudzayankha ndinu."

"Akuba akalowa ayambira kwa ine. Ndiika mlonda wanga pano, ndipo ndikakhalapo ndizikhala ndekha. Mukafuna khoma, ndimanga mawa lomwe, lalitali kuposa lija. Koma likhala ndi khomo."

Tili mkati mokangana basi inaima, akazi anga n'kutsika. Anayang'ana njerwa, lole, a Tcheyamani, kenako chingwe cha zovala.

"Abambo inu," anatero, "zovala zanga zam'kati zakhala pamsewu tsiku lonse?"

"Mayi, ndimati..."

"Anthu a m'basi amaloza! Wina mpaka anati eni nyumbayo ndi onenepa ndithu. Ine ndili pompo, ndangoti chete!" Anatembenukira kwa a Tcheyamani. "Pepani bambo, mwaima panjira." A Tcheyamani anapatuka, iwo n'kudutsa, kuanula zovala zawo n'kulowa m'nyumba.

Kalata ya loya wa komiti inafika Lachinayi. Ulendo wa mwezi uno ndatumiza dalaivala wina, ndipo fumbi la mumsewu tikulipeza mpaka m'shuga. Akazi anga akuti ndine wamisala, ndipo chingwe chasamukira m'galaja. Koma mvula inayamba dzulo, chitunda chija chasanduka phala, ndipo iwo anakwera basi ya 6 koloko nsapato zili zouma. Ine ndatulutsa suti yanga yabuluu kuti aisite. Woweruzayo sanandimvepo ndikulankhula.