Mtsuko wa Geresomo

Ine unkhoswe ndinautopa kalekale, koma mwana wa mlongo wako akabwera nkhope ili gwa, ungamuthamangitse? Geresomo anafika kwathu mmawa, njinga n'kuiponya pansi.

"Malume, Otilia akundidyetsa mankhwala. Banja lithe basi."

"Iwe, khala pansi kaye. Wamugwira?"

Akuti m'nyumba mwawo muli mtsuko wa iye yekha. Mwana akangoyandikira ndi chikho, Otilia amakalipa ngati waona njoka. Madzi ake ndi ozizira, okoma, pomwe mjigo wa m'mudzi mwawo kuno kwa Chapananga umatulutsa madzi amchere, oti ngakhale sopo sachita thovu. Tsono kukomako kukuchokera kuti? Anzake a pabawo ndiwo anamutsegula maso: amwene, ameneyo ndi kondaine, mankhwala opusitsa mwamuna, posachedwa muyamba kuchapa matewera. Komanso mkaziyo m'bandakucha uliwonse amasowa, n'kubwera miyendo ili mbuu. Geresomo atalusa anauswa mtsukowo ndi mpini wa khasu.

Ndisaname, nanenso zinandilowa. Otilia ndi wosayankhulayankhula, ndipo anthu ofatsa kwambiri ine ndimawaopa. Ndinatuma uthenga kwa a Fanizo, achimwene ake, omwe ndi nkhoswe ya kuchikazi.

Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa likuwotcha ngati latikwiyira. Geresomo anayala mlandu wake wonse. Ine ndinafunsa mosazungulira.

"Apongozi, mumathiramo chiyani m'madzi a mwanayu?"

Otilia anayang'ana zibade za mtsuko zomwe zinali zikadali pakhonde.

"Mawa mulawire, malume. Mukaone nokha kwa sing'anga wanga."

A Fanizo anagwetsa nkhope. Ine mumtima ndinati, ehe, wavomera.

Kutacha tinamutsatira, iye patsogolo ndi ndowa ndi kambale kachitsulo. Tinadutsa mjigo, osaima. Tinadutsa minda ya mapira, makola a ng'ombe, mpaka bondo langa linayamba kundilankhula. Nyumba iliyonse yomwe tinkaiyandikira ndinkati ndi pano, koma ayi. Geresomo ankangondinong'oneza kuti mwaona kutalika kwake, malume, zabwino sizichitikira kutali chonchi.

Tinatsikira mumtsinje wa Mwanza, wouma, mchenga wokhawokha. Otilia anagwada n'kuyamba kufukula ndi kambale kaja. Anafukula mpaka dzanja lonse kulowa, mpaka phewa. Kenako anakhala pansi kudikira. Timadzi tinayamba kutuluka pang'onopang'ono, todera. Anatunga n'kutaya, kutunga n'kutaya, mpaka tinayera. Ndiye anayamba kuthira mundowa, kambale kamodzikamodzi, osafulumira kuti mchenga usavunduke.

Anandipatsa kuti ndilawe. Abale inu, madzi okoma ngati a mvula!

"Chaka chija bambowa anatupa miyendo, adokotala anati achepetse mchere," anatero Otilia, akuyankhula ndi ine, mwamuna wake osamuyang'ana. "Iwo anali pomwepo, anamva. Mchere wa m'ndiwo ndinachepetsa. Nanga wa mumjigo ndikanauchotsa bwanji? Mutu wanga ndi umodzi, umasenza ndowa imodzi. Ikakhala ya onse, sifika madzulo. Ndiye ana amamwa ya pamjigo."

Manyazi anandigwira, kenako ukali. Ndinatembenukira Geresomo.

"Chitsiru iwe! Zaka zonsezi umangoti kweee kumeza, osafunsa kuti madziwa achokera kuti? Tayamba kukumba!"

Anagwada, n'kukumba pambali. Mchenga unkangobwerera m'dzenje. Thukuta linali kamukamu, madzi osaoneka. Anayesa kuseka.

"Mayi a Tamanda, zatha. Ndikugulira mtsuko wina."

"Gulani," anatero Otilia. Anasenza ndowa yake, koma sanalowere njira yomwe tinadzera. Anawoloka mchenga kulunjika kwa amayi ake, a Fanizo ali pambuyo.

Mvula yagwa, yatha, sanabwererebe. Ana anawatenga. Geresomo masiku ano amadzuka m'bandakucha ndi zigubu ziwiri panjinga, ndipo kukumba waphunzira, zikhadabo zinatha. Anzake a pabawo amamuseka kuti kondaine wagwira tsopano. Chigubu chimodzi amakatula pakhomo pa apongozi ake.

Dzulo ndinamuperekeza, poti unkhoswe suthera panjira. Otilia anatuluka, n'kuthira madziwo m'chikho, kumwetsa Tamanda ndi mng'ono wake mpaka anakhuta. Kenako anati, "Takhuta," kuthokoza kwa Chisena kuja, mwaulemu ngati akuthokoza mlendo wodutsa. Anabweza chigubu chopanda kanthu n'kulowa m'nyumba.